Mlendo wa M'siling'i

Mafani aja anafika Lachinayi, atatu, m'makatoni omata bwino, ndipo munthu yekhayo amene sanawasangalalire anali mwini nyumba. Anthu onse ankawatchula kuti Ahedi, ngakhale panali patapita zaka khumi ndi ziwiri chisiyireni kuliza belu la sukulu. Anaima pakhonde manja kumbuyo, n'kumayang'ana makatoniwo ngati abwera ndi chisamani cha kukhoti.

Anatumiza mafaniwo anali mwana wawo wamkazi, namwino wogwira ntchito kutali, atatopa ndi madandaulo a mayi ake pafoni. Nyumbayo inali yakale, ya makoma okhuthala ndi timawindo ting'onoting'ono, ndipo dzuwa likaswa mtengo malata ankatentha mpaka sopo kufewa m'bafa. Amayi ankangokhalira kudzikupiza ndi kalendala ya chaka chatha.

"Fani imabweretsa chimfine," anatero Ahedi. "Madokotala amanena."

"Dokotala wake uti?" anafunsa Amayi.

"Ambiri."

"Ndiye inu muzikagona kwa madokotalawo, ine ndigona pansi pa fani. Mwana wanena kuti odzamangirira ndi amalume ake, osati wina. Abwera Loweruka m'mawa."

Apa Ahedi anaponya maso ku siling'i. Chimfine sichinali nkhani. Nkhani inali yakuti womangirira fani amalowa m'siling'i, ndipo m'siling'imo munali katundu.

Zaka makumi awiri ndi ziwiri m'mbuyomo, Amayi anali ndi akodiyoni yofiira imene anagula okha ndi thukuta lawo la pa makina osokera. Ankaiimba mu kwaya ndi pa maukwati, ndipo ankaidziwa kuimba, zimenezo ngakhale Ahedi sankatsutsa. Vuto linali wotsogolera kwayayo, bambo wina wa tsitsi lonyezimira mafuta, amene akamaimbitsa ankatsinzina diso limodzi. Ahedi anadzitsimikizira kuti disolo linkatsinzinira akazi awo. Umboni analibe, koma nsanje inayamba yafunsapo umboni liti? Tsiku lina Amayi atapita kukazonda wodwala, Ahedi anakwera pa tebulo, analowa m'siling'i kudzera pa kachitseko ka m'kolido, n'kukankhira akodiyoni ija, ili m'bokosi lake, kuseri kwa thanki ya madzi. Atatsika anatsegula windo la kuchipinda n'kugwetsa mpando umodzi kuti zioneke ngati mwalowa wakuba.

Akanalekera pomwepo bwenzi tchimo lili limodzi. Koma Amayi atalira masiku atatu anayamba kufunsa kuti ndi wakuba wamtundu wanji wosiya wailesi n'kunyamula akodiyoni. Ahedi anachita mantha n'kuponya mawu. "Ine sinditchula munthu," anatero, "koma sabata ino m'nyumba muno mwalowa ndani?" Amene analowa anali mlongo wawo wamng'ono wa Amayi, wamagetsi amene anthu amamutcha Fyuzi, yemwe anabwera kudzakonza soketi ya kukhitchini. Palibe anamunena pamaso kuti wakuba. Kungoti kiyi wa nyumba amene ankasunga anamulanda mwaulemu, ndipo chiyambire pamenepo iye ndi mlongo wake ankaonana pa maliro pokha, moni wake wa nsonga za zala.

Kachitseko kaja Ahedi anakapaka penti katatu pa zaka zonsezo, mpaka mzere wake unatsala pang'ono kufufutika. Ankaganiza kuti nkhani yatha. Anaiwala zimene iwo eni ankauza ana a sukulu, kuti mlandu suwola.

Lachisanu, Amayi atangotuluka kupita kumsika, Ahedi anakokera tebulo m'kolido, anasanjikapo mpando, n'kukwera ndi mpeni wa kukhitchini. Anadula penti ija kuzungulira, anakankha kachitseko, fumbi n'kuwathira kumaso. Mutu unalowa. Mapewa analowa mokakamiza. Kenako zinthu zinaima. Chibowo chinali chomwe chija, koma mimba inali itakwezedwa pantchito kangapo. Anapumira m'kati, anadzipotokola, anayesa cham'mbali. Patali mumdimamo ankaiona thanki ija, mwina mapazi khumi okha, koma kutsogolo kunakanika ndipo kumbuyo nako kunayamba kukana. Anakhala choncho miyendo ili lendelende mpaka anamva geti likulira. Mantha ndi amene anawatsitsa, ndipo anasiya mabatani awiri a malaya m'mwambamo.

Amayi anawapeza ataima pa tebulo, ukonde wa akangaude uli m'mutu.

"Bambo, mukutani pamenepo?"

"Ndimamutsegulira njira mlamu. Asadzavutike mawa."

Amayi anaika basiketi pansi n'kuwayang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. "Mwayamba liti kumukonda?" anafunsa, koma sanadikire yankho.

Fyuzi anafika Loweruka dzuwa lisanakwere, pa njinga yamoto yokalamba, makwerero opinda atawamangirira kumbuyo pamodzi ndi mpukutu wa waya ndi matabwa atatu. Anali bambo wa imvi tsopano, koma woonda chimodzimodzi kale. Ahedi anayang'ana chiuno chakecho n'kudziwa kuti pachibowo paja adutsa osakhudza n'komwe.

"Mwadzuka bwanji, achemwali?"

"Ndadzuka, kaya inu achimwene? Kunyumba ali bwanji?"

"Ali bwino. Alamu, mwadzuka?"

"Tadzuka, tadzuka," anatero Ahedi, n'kumugwira dzanja ndi manja awiri, zimene sanachitepo chibadwire.

Fyuzi sanataye nthawi. Anathimitsa magetsi a nyumba yonse pa bokosi la pakhonde, anamasula switchi ya pabalaza, n'kukoka waya pang'ono. Labala yokutira wayayo inanyenyeka m'zala zake ngati bisiketi.

"Waya uyu anaikidwa ine ndisanabadwe," anatero. "Wa ethi, wolowa m'nthaka uja, mulibe n'komwe. Ndikoka watsopano kuchokera kumene mawaya amakumana, m'mwambamu."

"M'mwamba mukatani, mlamu?" anatero Ahedi mofulumira. "Bwanji osangoyendetsa waya kunsi kuno, m'mbali mwa khoma? Tikhoma ndi timisomali, tipaka penti, basi."

"Waya angayende choncho, nanga fani ilendewera pa chiyani? Siling'i iyi ndi chikatoni chabe, alamu. Fani imalemera, ndiyenso imazungulira. Mukaimangirira pa bodi, tsiku lina idzatsika n'kukumetani mpala muli pa tiyi. Pafunika thabwa lolimba pakati pa mitanda iwiri, ndipo thabwalo silikhomedwa munthu ali pansi."

"Muli mileme."

"Timadziwana."

"Chaka chatha tinamva ngati njoka."

"Ikandiluma ine, inu mupumula," anatero Fyuzi osaseka, uku akutambasula makwerero.

"Musiyeni agwire ntchito, bambo," anatero Amayi akudutsa ndi beseni la zochapa. "Munakwatira kwa mphezi nokha, lero muziopa kung'anima?"

Ahedi anayesa komaliza Fyuzi ali kale pa sitepe yachitatu. "Chabwino. Koma mbali ya kuthanki musapiteko. Matabwa ake anafumbwa, mungagwe."

"Ine sindisankha kopita, alamu," anatero Fyuzi akuyatsa tochi. "Ndimangotsata waya."

Ndiye Ahedi anayamba kutsata mlamu wawo ali pansi, khosi lili chagada, kumvetsera maondo akugunda mitanda. Phokoso linalowera kupabalaza, iwo n'kupuma. Anamva sowo, anamva hamala, kenako nsonga ya chobowolera inatulukira pakati pa siling'i, pafupi ndi babu, utuchi n'kugwera pa tebulo. Zonse zinkayenda bwino. Koma maondo aja anatembenuka. Anadutsa pamwamba pa kolido, anadutsa pamwamba pa chipinda chosungira katundu, n'kumapitabe. Amene anamanga nyumbayo, kaya anali ndani, anakumanitsa mawaya onse m'kabokosi kamodzi, ndipo kabokosiko anakakhomera pa mtanda wa kuseri kwa thanki.

Kunali zii. Ahedi anaima pakhomo la bafa. Kenako anamva kaphokoso kakang'ono kawiri, tha, tha. Anali maloko a bokosi lija, ndipo ankawadziwa kulira kwake ngakhale patapita zaka zonsezo.

Maondo anabwerera pang'onopang'ono mpaka pabalaza. Pa kabowo kaja panaoneka diso.

"Alamu."

"Ee."

"Sendererani pafupi. Achemwali ali kuti?"

"Akuyanika zovala."

"Kuno kuli mlendo," ananong'ona Fyuzi. "Wavala zofiira. Akuti wakhala zaka zambiri m'nyumba muno osapatsidwa ngakhale madzi akumwa."

Fisi akagwa m'mbuna salankhula. "Mlamu," anatero Ahedi potsiriza, "tikambirane ngati amuna."

"Tikambirane chiyani? Ndikalowa m'nyumba za anthu ankayamba abisa mawailesi. Mkazi wanga anasiya kupita kumsika wapafupi chaka chathunthu, kutopa ndi zala zomuloza. Mlongo wanga weniweni amandipatsa moni ngati ndabwera kudzawerenga mita." Diso lija linaphethira. Mawu ake sanali aukali, ndipo zimenezo n'zimene zinawaopsa kwambiri Ahedi, chifukwa munthuyo ankamveka ngati akusangalala. "Mukukumbuka kusukulu, windo likasweka? Ine ndinali m'kalasi mwanu, mzere wachitatu. Munkati wolakwa aime yekha belu lisanalire, likalira zikwapu ziwirikiza. Belu lathu lero ndi fani imeneyi. Munene nokha isanazungulire. Ikazungulira musananene, mlendo alankhula yekha."

"Mlamu, ine ndi munthu wamkulu."

"N'chifukwa chake ndakupatsani mpata. Tsopano tengani injini ya faniyo m'katonimo, mukwere nayo pa makwerero. Ndilibe wondithandiza lero."

Injini ya fani siioneka yolemera ili m'katoni. Muinyamule pamwamba pa mutu, manja ali m'mwamba, ndiye muidziwa. Ahedi anakwera nayo, analowetsa bawuti ya chogwirira chake pa kabowo, n'kuigwira choncho kuti Fyuzi amange nati pa thabwa kumwambako. Ntchito ya mphindi imodzi inatenga khumi. Nati inagwa, Fyuzi anaifunafuna. Ataipeza, sipanala inasowa. Ataipeza sipanala anayamba kumanga pang'onopang'ono, uku akuimba mluzu. Nyimbo yake inali imene Amayi ankayambira nayo pa maukwati.

Amayi anaima pakhomo beseni lili m'manja. "Nyimbo imeneyo mwaikumbuka bwanji, achimwene?"

"Yangondibwerera, achemwali," anayankha mawu a m'siling'i. "Kaya ndi mpweya wa m'mwamba muno. Afunseni alamu, mwina akudziwa."

"Ine ndagwira injini," anatero Ahedi.

Koma munthu amene analamulira ana mazana asanu ndi limodzi sagonja msanga. Fyuzi atatsika kudzalumikiza mawaya, Ahedi anatola timasikuluwu tomangira mapiko a fani n'kutiponya m'thumba la buluku. Fani yopanda mapiko izungulira bwanji? Fyuzi anasuzumira m'katoni, anayang'ana pansi pa tebulo, kenako anatulutsa m'chikwama chitini chodzaza masikuluwu amitundumitundu.

"Makatoni a masiku ano amabwera operewera," anatero akusankha. "Koma alamu, mukamayenda mukulira ngati muli ndi chenje."

Ahedi anaganiza nzeru ina. "Bwanji timange onse atatu kaye, tiyesere pamodzi? Kuyatsa ndi kuthimitsa magetsi pafupipafupi kumawononga firiji."

"Nzeru zimenezo!" anatero Fyuzi, nkhope yonse ikuwala. "Mwaona ubwino wophunzira? Tengani injini yachiwiri."

Ananyamula yachiwiri kuchipinda chogona. Ananyamula yachitatu kuchipinda cha alendo. Fyuzi anakoka waya watsopano wa mitundu itatu, anakumba khoma pafupi ndi switchi iliyonse, n'kuikapo kabokosi ka chopotokola cha manambala, wani mpaka faifi. Ntchito yake inali yaukhondo, mfundo iliyonse yomangidwa bwino, palibe waya wosiyidwa pamtunda. Ahedi ankaona zonsezo, ndipo pansi pa mantha awo panali manyazi, chifukwa munthu wogwira ntchito chonchi iwo anamusandutsa wakuba ndi chiganizo chimodzi. Pofika masana mapewa awo anali atafa, ndipo anali asananene kanthu. Zengerezu analinda kwawukwawu.

Amayi anabweretsa tiyi ndi buledi pa tebulo la pabalaza, pansi pa fani yatsopano imene inali itangoti duu, mapiko atatu oyera. Fyuzi anamwa pang'ono, n'kuloza m'mwamba ndi maso.

Ahedi anakonza kukhosi. "Mayi, pali nkhani imene ndakhala ndikukubisirani."

Amayi anaika kapu pansi. "Nenani."

"Ndi yakalekale."

"Nenani, ndikumva."

Anawayang'ana akazi awo, imvi zili m'mbali mwa duku, maso ali phee kudikira. Mtima unawathawa. "Jagi yagalasi ija," anatero. "Sanaswe ndi mphaka. Ndinaswa ndine."

Amayi anaseka mpaka kugwira m'nthiti. "Mphaka anamenyedwa ulele! Bambo, mwadwala kodi? Dzulo pa tebulo, lero kulapa."

Fyuzi anapukusa mutu pang'ono, akupaka majarini pa buledi.

"Palinso china," anatero Ahedi. "Shuga amene dokotala anandiletsa uja. Ndimasunga wina m'chitini cha misomali."

"Ameneyo ndimamudziwa. Ndinasakanizamo mchere mwezi watha, inu osadandaula, ndiye ndinadziwa kuti manyazi mukadali nawo. Kwatha?"

"Kwatha," anatero Ahedi ndi mawu aang'ono.

Fyuzi anapukuta pakamwa n'kuimirira. "Ntchito yatha. Alamu, kayatseni magetsi pa bokosi paja."

Ahedi anapita pakhonde, anatsegula bokosi, anaima pamenepo kanthawi, n'kubwerera nkhope ili yachisoni. "Tsoka ilo. Athimitsa dera lonse. Tiyesa mawa, kapena sabata yamawa."

Kuseri kwa mpanda wailesi ya aneba inkalengeza za mpira, ndipo patsidya pa msewu makina a wometa tsitsi ankalira bwinobwino. Amayi anadzuka, anapita pakhonde, ndipo firiji kukhitchini inayamba kung'ung'udza.

"Ndikwere ndikaone ngati thabwa likugwedezeka fani ikamazungulira," anatero Fyuzi. "Achemwali, ndikagogoda katatu mupotokole." Ali pa makwerero anatembenuka. "Alamu, belu."

Maondo anayenda pamwamba pa kolido kulowera kuthanki, n'kubwerera akukoka chinthu. Amayi anaima pa khoma, zala zili pa chopotokola, akumwetulira ngati mwana wodikira mphatso. Kumwamba kunagogoda kamodzi. Kawiri.

"Mayi, dikirani!"

"Chiyaninso? Mwaswa chinanso?"

Katatu.

Mawu anali pakhosi penipeni. Ahedi anawamva akukwera, anafika pa lilime, n'kukhota. "Muyambire pa wani," anatero.

Amayi anapotokola. Mapiko anasuntha mwaulesi, anazungulira kamodzi, kawiri, kenako anathamanga mpaka osawerengeka. Katani inagwedezeka. Kalendala ija inauluka pa tebulo n'kugwera pansi. Amayi anatsinzina, anakweza nkhope, mphepo n'kumawaseweretsa nsonga ya duku.

"Ambuye adalitse mwana wanga," anatero.

Pamenepo siling'i inabuula. Linali liwu limodzi lalitali, lokhuthala, lotuluka movutikira. Kenako panabwera manoti anayi oyamba a nyimbo ya maukwati ija, oimbidwa ndi zala za munthu wosadziwa, ndipo lachitatu linatuluka ndi kamluzu kam'mbali.

Amayi anatsegula maso. Anapotokola chija kubwerera pa ziro, mapiko n'kuima pang'onopang'ono.

"Batani limenelo limapumira m'mbali," anatero motsitsa. "Linayamba tsiku limene ndinaigwetsa pa masitepe a holo." Anayang'ana siling'i, anayang'ana kolido kumene dzulo anapeza tebulo, kenako anayang'ana amuna awo.

Ahedi anaimirira, manja m'mbali, monga ankaimira ana aja. "Ndine, mayi. Kunalibe wakuba. Windo ndinatsegula ndine, mpando ndinagwetsa ndine. Mlamu sanakhudzepo chala. Ndinachita nsanje ndi wa kwaya uja."

"Uti? Wa diso uja?"

"Yemweyo."

"Diso lija linali lodwala, bambo! Ankatsinzina ndi pa maliro pomwe! Ankatsinzinira ndi abusa!"

Fyuzi anatsitsa bokosi pa chibowo cha m'kolido, atalimanga ndi waya wotsala, n'kutsika pambuyo pake ali mbuu ndi fumbi. Nthabwala zinali zitamuthera. Analinyamula n'kuliika pa tebulo pamaso pa mlongo wake, n'kubwerera m'mbuyo.

Amayi sanaligwire. Anapita kuseri kwa chitseko, anachotsa kiyi uja pa msomali, n'kubwera naye kwa Fyuzi. "Iwe," anatero, ndipo anali asanamutchule choncho zaka makumi awiri ndi ziwiri, "tambasula dzanja." Anamuika kiyi m'manja n'kumupinda zala ndi manja awo onse awiri. "Ndinakhulupirira. Sindinanene, koma ndinakhulupirira. Undikhululukire, mwana wa mayi anga." Fyuzi anayang'ana kumbali n'kunena kuti fumbi la m'mwambamo ndi loipa m'maso.

Kenako Amayi anakhala pansi n'kutsegula bokosi. Akodiyoni inali yofiirabe, kungoti malamba anali atauma. Anaipukuta ndi nsonga ya epuloni, batani lililonse palokha, anaikweza pa miyendo, n'kulowetsa mapewa m'malamba. Zala za kumanja zinapeza malo ake zokha. Dzanja lamanzere analilowetsa mu lamba wa mvukuto n'kukoka.

Mvukuto unatseguka pang'ono n'kuima. Amayi analuma mano n'kukokanso. Akodiyoni inangotulutsa kampweya, ndipo nkhope yawo inakwinyika ndi ululu. Phewa limenelo linali ndi nyamakazi chaka chachisanu ndi chimodzi tsopano. Ahedi ankalidziwa bwino, poti ndi iwo ankalipaka mankhwala. Sanaganizepo n'kamodzi komwe kuti phewalo ndi akodiyoni zikukhudzana.

"Pamene ndinali ndi manja, inali kumwamba," anatero Amayi osayang'ana munthu. "Lero yatsika, manja apita."

Ahedi akanakonda mbama. Akanakonda kutukwanidwa msewu wonse ukumva. Anangoima pamenepo, munthu wa zaka makumi asanu ndi awiri, akuona kwa nthawi yoyamba kukula kwa chimene anaba, ndipo anadziwa kuti chimenecho sichingatsitsidwe ndi waya. Misozi inawatsika osaipukuta.

Amayi anawayang'ana nthawi yaitali. Kenako anafwenthera pa epuloni, n'kuwongola msana.

"Kulirako mulire bwino mukugwira ntchito. Bweretsani mpando. Khalani kumanzere kwanga kuno. Lowetsani dzanja mu lambamu. Ndikati kokani muzikoka, ndikati kankhani muzikankha."

"Mayi, mapewa angawa lero anyamula mafani atatu."

"Ndafunsa za mapewa? Iwe, zakhala zaka zingati?"

"Twente-thu," anatero Fyuzi, nkhope itayambanso kuwala.

"Twente-thu. Tsiku lililonse ikakwana folo koloko, pampando pomwepo. Mawa m'mawa muvala jekete, mupita kwa mlamu wanga, mkazi wa uyu, mukamuuze ndi pakamwa panu zimene mwandiuzazi. Ndipo aliyense wofunsa kuti akodiyoni yapezeka kuti, woyankha ndinu. Iwe, tsegula mawindo onse, uyatse faniyo. Uike pa faifi."

Fyuzi anatsegula mawindo, anatsegulanso chitseko chimene sanauzidwe, n'kupotokola mpaka kumapeto. Mphepo inadzaza pabalaza.

"Kokani."

Ahedi anakoka. Liwu linatuluka lonse, lamphamvu, mpaka iwo eni anadzidzimuka. Mabatani awiri anali atafa, lachitatu lija linkapumirabe m'mbali, ndipo wokokayo ankachedwa pokankha n'kufulumira pokoka. Koma zala za Amayi zinkathamanga ngati sizinapumepo, ndipo nyimbo inamveka kuti ndi yomwe ija. Wailesi ya aneba inazimitsidwa. Makina a wometa anasiya kulira.

Sipanapite nthawi, pawindo panatulukira mutu wa mayi wa kuseri kwa mpanda, amene analipo tsiku lija windo linapezeka lotsegula, ndipo anathandiza nawo kufalitsa nkhani yake.

"Anzanga, si akodiyoni inabedwa ija imeneyo? Wakubayo anagwidwa?"

"Afunseni akukokawa," anatero Amayi, zala zisanaime.

Ahedi anayamba kuimirira, dzanja likadali mu lamba.

"Khalani pansi, bambo," anatero Amayi. "Muyankhe mukukoka."